Kodi Msana wa Nkhani Uphunziridwa ku M'bindikiro?

Tsiku lina m'chilimwe, ndili pa msika wa Manyamula kuyembekeza galimoto yonka ku boma la Mzimba, anandipeza mphunzitsi wachinyamata wa pa sukulu ina ya m'dera lomwelo, amene ndidamphunzitsa zaka zapitazo. M'manja mwake munali makope anayi omanga ndi mphira, ndiponso pepala lalikulu lopindapinda. Titapatsana moni iye anati, "Adada, ndalemba buku. Ndinapita ku m'bindikiro wa alembi kunyanja, tinakhalako sabata yathunthu, ndipo anatiphunzitsa kamangidwe ka nkhani yaitali. Ndatsata zonse zimene anatiuza, koma aliyense amene ndimpatsa kuti awerenge alekera panjira. Chalakwika n'chiyani?" Ndinatenga makopewo ndi kukhala nawo masabata atatu. Zimene ndinapezamo ndizo zandichititsa kulemba mawu awa, pakuti funso lake likhudza inunso amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi. Posachedwa mudzaima pamaso pa ana ndi kuwauza kuti alembe chimangirizo, ndipo ena a inu, ndikhulupirira, mudzafuna kulemba mabuku m'zinenero zathu, amene tiwasowa kwambiri.

Tiyambe tamvana pa mawu awiri. M'bindikiro wa alembi ndiwo msonkhano umene anthu ofuna kulemba mabuku achoka kwawo, nakakhala pa malo achete masiku angapo pamodzi ndi mlembi wodziwa amene awatsogolera. Mmawa aphunzira, masana alemba, madzulo awerengerana zimene alembazo. Mawu achiwiri ndi amene mabuku a sukulu atcha tsatanetsatane wa nkhani. Ine ndikonda kunena kuti msana wa nkhani, chifukwa mawu oti tsatanetsatane akhoza kutisokeretsa. Zinthu zikhoza kutsatana osagwirana, monga zichitira ng'ombe pobwera kudambo madzulo. Imodzi ikatsalira, zinzake zilowa m'khola osadziwa kanthu. Koma msana ndi mafupa olumikizana, ndipo mukachotsapo limodzi nyama siimanso.

Mwambo wosonkhanitsa alembi suli wachilendo m'dziko lathu ndi m'maiko oyandikana nafe. M'chaka cha 1959 ku Mindolo, pafupi ndi Kitwe, kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa Aafirika kulemba mabuku ndi nyuzipepala. Mu June 1962 alembi a maiko ambiri anasonkhana ku Makerere, ku Uganda, ndipo kumeneko wophunzira wina wa pa koleji yomweyo, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Ngugi wa Thiong'o, anapereka zolemba zake kwa Chinua Achebe kuti aziwerenge. Zolembazo zinatuluka mu 1964 ndi dzina loti Weep Not, Child. Kuno kwathu, m'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College anayambitsa gulu la alembi limene linkakumana sabata ndi sabata. M'gulumo munali Jack Mapanje, Frank Chipasula, ndiponso Lupenga Mphande, mwana wa ku Thoza kufupi ndi Embangweni m'boma lino la Mzimba. Ndipo chaka chotsatira anatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau. Mu 2014 Shadreck Chikoti anaitana alembi achinyamata ku Lilongwe kuti aphunzire kulemba nkhani za Afirika wa zaka 500 zikudzazo, ndipo zina mwa nkhani zawo zinalowa m'buku la Imagine Africa 500 limene analikonza Billy Kahora wa ku Kenya. Chotero palibe angatsutse kuti misonkhano yotere yabala zipatso. Chimene tifunsa ndi ichi: pa zinthu zonse zimene mlembi azisowa, n'ziti zimene m'bindikiro ungampatse, ndipo n'ziti zimene ayenera kupita nazo kuchokera kwawo?

Pepala lalikulu lija la mphunzitsi wathu linali ndi chithunzi cha phiri. Kumanzere kwa phirilo kunalembedwa chiyambi, pokwera panalembedwa kukula kwa mkangano, pamwamba pampondachimera, potsika kumasuka kwa zinthu, ndi kumanja mathero. Chithunzi chimenechi n'chakale. Chinachokera kwa Mjeremani wina, Gustav Freytag, amene m'chaka cha 1863 analemba za kamangidwe ka masewero a zigawo zisanu, ndipo iyenso anatsata Aristotle wa ku Greece, amene zaka zoposa 2,300 zapitazo anaphunzitsa kuti sewero likhale ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Sindichinyoza chithunzichi. Chili ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, chimene chimuonetsa ngati khoma lapendekeka. Komatu mmisiri amene wabwera ndi chingwe chokha, wopanda njerwa ndi dothi, nyumba saimanga.

Nkhani ya m'makope aja inali yotere. Mnyamata wa m'mudzi wina pafupi ndi Manyamula atsazika mkazi wake ndi kunyamuka ulendo wa ku Joni. Panjira amubera ndalama. Atafika agona m'kachisakasa ndi anzake asanu. Apeza ganyu yolima maluwa kwa Mzungu. Adwala, nachira. M'mutu wachisanu ndi chinayi, pamene chithunzi chija chinati pakhale pampondachimera, anthu a kumeneko aukira alendo monga anachitira mu 2008 ndi mu 2015, ndipo iye apulumukira mkamwa mwa mbuzi. Potsiriza abwera kumudzi ndi galimoto yakeyake, namanga nyumba ya malata. Chichewa chake chinali chabwino, ndipo mawu ofotokoza ulendo wa pa basi ndi kuzizira kwa ku Joni anali a munthu amene wamvetsera bwino abale ake obwera kumeneko. Phiri lonse linalimo, kukwera ndi kutsika komwe. Koma ndinayesa chinthu chimodzi chimene ndikulangizani kuti muziyesa pa nkhani iliyonse: ndinasinthanitsa mutu wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi, ndi kuwerenganso. Palibe chinaonongeka. Kudwala kukadadza ganyu isanapezeke, kapena itapezeka, nkhani ikadakhala yomweyo. Zinthu zonse zinangomgwera mnyamatayo monga igwera mvula, ndipo panalibe chimodzi chimene iye anachiyambitsa ndi manja ake. Mkazi wake anamsiya akulira m'mutu wachiwiri, namupezanso akumwetulira m'mutu womaliza, monga ngati zaka zonse zisanu ndi chimodzi anangoima pakhomo pomwepo.

Mngerezi wina wolemba mabuku, E. M. Forster, anafotokoza bwino kusiyana kumeneku m'maphunziro amene anapereka ku Cambridge mu 1927. Mfundo yake inali yakuti pali nkhani imene womvera angofunsa chimene chinachitika pambuyo pake, ndipo pali ina imene womvera afunsa chifukwa chake. Tiyese ndi chitsanzo cha kwathu. Tikati, "Mwamuna anapita ku Joni, kenaka mkazi anabwerera kwawo," tangondandalika zinthu ziwiri. Tikati, "Mwamuna anapita ku Joni, ndipo popeza ndalama ankazitumiza kwa bambo wake osati kwa mkazi wake, mkaziyo anabwerera kwawo," nkhani yapeza msana. Tsopano womvera afuna kudziwa chimene mwamunayo anaopa, chimene apongozi anachita ndi ndalamazo, ndi amene adzasunga ana.

Chilema chimenechi sichili cha oyamba kumene okha. Tichiona ngakhale m'buku limene tonse tiyenera kulilemekeza, ndilo Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Bukuli linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi miyambo ya mu Afirika, linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young, amene anagwirapo ntchito mu mishoni ya Livingstonia, analitembenuzira m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa. Ntara atsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa: ubwana wake wa mphulupulu ndi kuba, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kubwera kwake, ufumu wake pamudzi, ndi kutembenuka mtima kwake kukhala Mkhristu. Pa kufotokoza moyo wa m'mudzi wa Achewa, ndi ochepa amene amposa. Miyambo, milandu, maliro ndi mayankhulidwe a akulu zili m'menemo monga zinalili, ndipo chifukwa cha ichi bukuli silidzakalamba. Koma msana wake ndi zaka za munthu basi. Zinthu zitsatana chifukwa mnyamata akula, monga mikanda itsatana chifukwa ili pa ulusi umodzi. Ndipo pofika ku mathero, ine monga wowerenga ndimva kuti dzanja limene litembenuza Nthondo lichokera kunja kwa nkhani. Buku lolembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni, m'masiku amene makina osindikizira anali m'manja mwa mishoni, linali ndi malo amodzi okha kumene likadathera. Sitimdzudzula Ntara pa ichi, pakuti iye anatsegula njira pamene panalibe njira. Koma tiyenera kuona kuti mathero odziwikiratu achepetsa mphamvu ya zonse zimene zili patsogolo pake.

Tilinganize ndi Things Fall Apart la Achebe, la mu 1958. M'menemonso muli mudzi, miyambo, kufika kwa mishoni, ndi mnyamata wotembenuka mtima. Koma taonani magwiranidwe ake. Okonkwo aopa kufanana ndi bambo wake amene anali waulesi ndi wangongole. Chifukwa cha mantha amenewo, atenga nawo mbali pa kupha Ikemefuna, mnyamata amene anakulira m'nyumba mwake, ngakhale mkulu wina anamchenjeza kuti asatero. Chifukwa cha imfa imeneyo mtima wa mwana wake Nwoye usweka, ndipo pamene amishoni afika, Nwoye ndiye awatsata. Kutembenuka kwa Nwoye kunafesedwa ndi chikwanje cha bambo wake mitu yambiri m'mbuyo. Simungasinthanitse mitu imeneyi popanda kugwetsa buku lonse. Mlembi wathu Legson Kayira anadziwanso kusiyana kumeneku. M'buku la moyo wake, I Will Try, la mu 1965, msewu ndiwo umtsogolera, pakuti afotokoza ulendo wake wa pansi wochokera kuno kufikira ku Sudan, ndipo m'buku lotere n'koyenera. Koma polemba nkhani yopeka ya Jingala mu 1969, anaika pakati pake anthu awiri ofuna zinthu zotsutsana: mwana afuna unsembe, bambo wake akana. Pamenepo nkhani iyenda ndi miyendo yakeyake.

Titakumananso ndi mphunzitsi uja, sindinamuuze za Achebe poyamba. Ndinamfunsa funso limene mkulu aliyense wa ku Manyamula akadafunsa atamva kuti mwana wa uje wapita ku Joni. Ndinati, "Aphunzitsi, ndalama ya ulendo anaitenga kuti?" Iye anaseka, nati, "Zimenezo n'zodziwika, adada. Bambo wake anagulitsa ng'ombe ziwiri." Ndinafunsa kuti ng'ombezo zinali za ntchito yanji. Anaganiza pang'ono, nati zinali zoti akalowolere mng'ono wake. Ndinafunsanso kuti mng'onoyo anati chiyani, ndiponso kuti mkazi uja wotsala ankatunga madzi ndi kuphikira yani zaka zonsezo, ndi kuti ndalama yoyamba itafika pa foni inafikira m'manja mwa yani. Mafunso onsewa anawayankha msanga, ndi nkhope yowala, ndipo anayamba kundiuza za mabanja atatu amene anawadziwa. Tsono ndinati, "Nanga bwanji zonsezi mulibe m'makope anu?" Iye anati, "Ndinayesa kuti si za m'buku. Pa chithunzi chija panalibe malo ake."

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Zifukwa zimene zigwirizanitsa zochitika sizili zofanana pa dziko lonse, pakuti zichokera m'mwambo wa anthu, m'ngongole zimene ali nazo kwa abale awo, ndi m'zinthu zimene achita nazo manyazi. Kuno ku Mzimba, mwa mwambo wa Angoni umene Atumbuka ambiri anautenganso, mwamuna alowola ndi ng'ombe, mkazi akakhala kwa apongozi ake, ndipo ana ali a kwa bambo. Mwamuna akachoka zaka zambiri, mkazi atsala pakati pa anthu amene si abale ake. Akafuna kuchoka, pabuka mlandu wa ng'ombe, ndipo ana sangawatenge mwachisawawa. Kwawo kwa Ntara, mwa mwambo wakale wa Achewa, mwamuna ndiye akakhala mkamwini, mkazi ali pa mudzi wa amayi ake, ndipo mwini mbumba ndi mtsibweni wa ana. Mwamuna akachoka kumeneko, mkazi atsala pakati pa abale ake, ndipo amene adzavutika pobwera ndi mwamunayo, popeza akhoza kupeza kuti malo ake kulibenso. Ulendo ndi umodzi, koma nkhani zili ziwiri, ndipo pampondachimera pa iliyonse pali pa malo ake. Wotsogolera m'bindikiro, kaya achokere ku London kaya ku Blantyre, sangakuuzeni zimenezi za mudzi wanu, ndipo sitiyenera kumdandaula. Ndi inu muyenera kupita nazo.

Ndiponso nkhani ya ulendowu ili ndi mizu yakuya imene mlembi wa kuno ayenera kuikumba. Amuna a boma lino anayamba kale kupita kumwera, ena pansi, ena kudzera mwa Wenela. Mu April 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi kwa zaka zingapo. Mawu oti mtchona, munthu wopita osabweranso, agogo athu awadziwa bwino. Chotero mnyamata wa m'makope aja sali woyamba pa banja lake kunyamuka. Mwina agogo ake anatchona, ndipo bambo wake anakula wopanda bambo. Ngati zili tero, pogulitsa ng'ombe zija mkuluyo anali ndi mantha amene sanawatchule, ndipo pofuna kuti ndalama zizifikira kwa iye anali kugwira chingwe chimene amayi ake analibe. Onani mmene munthu amene tikadamuyesa waumbombo asandukira munthu womvetsa chisoni. Wowerenga salekera panjira buku limene mbali zonse ziwiri zili ndi chilungamo chake.

Sukulu yoyamba ya msana wa nkhani ili pamphala, pamene akulu aweruza milandu. Kakhaleni kumeneko tsiku limodzi ndi kumvetsera. Wodandaula akayamba kundandalika zonse zimene zinachitika kuyambira mmawa, nduna imdula ndi kumfunsa chimene chinayambitsa. Akulu salola kuti chochitika chikhale chopanda mwini. Afuna kudziwa amene anayamba kunena, amene anakhala chete pamene anayenera kunena, ndi amene anapindula. Pofika pogamula, zonse zimene zinaoneka zomwazika zakhala unyolo umodzi, wonga tcheni cha ngolo chimene ng'ombe ikakoka kutsogolo katundu yense asuntha. Sukulu yachiwiri ili pa moto madzulo. Nthano zathu, zimene kuno azitcha vidokoni, n'zazifupi, koma mulibe chochitika chaulere. Kalulu akanama poyamba, bodza lomwelo ndilo limkola kapena kumpulumutsa potsiriza, ndipo wokamba akaiwala chimene ananena poyamba, ana omwe amkumbutsa. Anthu amene anakula ndi masukulu awiri amenewa sayenera kudziyesa amphawi pa luso la kumanga nkhani.

Tsono kodi m'bindikiro ulibe ntchito? Iyayi, uli nayo, ndipo ndiona mphatso zitatu zimene upereka. Yoyamba ndi nthawi. Mphunzitsi wa kumudzi ali ndi ana ochuluka m'kalasi, makope oti achonge, munda, maliro ndi misonkhano ya mpingo, ndipo sabata imodzi yopanda womuitana ili chuma chachikulu. Yachiwiri ndi owerenga osachita manyazi. Kumudzi mukapatsa mbale wanu zolemba zanu, adzati zili bwino, chifukwa akukondani kapena chifukwa akuopani. Chimene Ngugi anapeza ku Makerere chinali munthu wodziwa amene anawerenga ndi kunena zoona, ndipo mphamvu ya gulu lija la pa Chancellor College inali yakuti mlembi ankamva ndi makutu ake anzake akutsutsa zimene walemba. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Yachitatu ndi chingwe cha mmisiri chija, chimene chithandiza nyumba ikayamba kukwera. Cholakwa cha mphunzitsi wathu chinali chakuti anatenga mphatso yachitatu yokha, imene ili yaing'ono pa zonse, naiyesa mwini nyumba.

Pali chinthu chinanso chimene ife okonda zinenero zathu tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Msonkhano wa ku Makerere unali wa olemba m'Chingerezi, ndipo Ngugi yemweyo anadandaula pambuyo pake kuti akatswiri olemba m'zinenero za Afirika, monga Shaaban Robert wa Chiswahili, sanawerengedwe nawo. Mphunzitsi wathu anandiuza kuti m'bindikiro umene anapitako unachitikanso m'Chingerezi. Iye alota m'Chitumbuka, anakonza nkhani yake m'Chingerezi, nailemba m'Chichewa, ndipo pa milatho iwiri imeneyi katundu wambiri anagwera m'madzi. Mawu a ubale, a malowolo ndi a ulemu kwa apongozi, amene ndiwo anyamula zifukwa za nkhani yake, analibe pokhala pa pepala la Chingerezi lija. Boma lino lili ndi alembi ake amene akadamtsogolera. Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni analemba mbiri ya Angoni m'Chitumbuka, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi dzina loti My Ngoni of Nyasaland, ndipo D. D. Phiri, amene anabadwira m'boma lino mu 1931 namwalira mu 2019, analemba nkhani m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi momwe. Koma Chitumbuka chitachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi mu 1968, mibadwo ya ana inakula osaona chinenero cha kwawo pa pepala, kupatula m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo. Chinabwerera pa wailesi mu 1994, koma mabuku a nkhani akali ochepa. Langizo langa ndi ili: chinenero chimene mudzalembere buku musankhe nokha, koma pofufuza zifukwa za anthu a m'nkhani yanu, ganizani m'chinenero chimene iwo akanganiramo.

Nanga inu amene mudzakhala pa sukulu za kutali, opanda ndalama ya ulendo wa kunyanja, mudzatani? M'bindikiro sulira nyanja. Pa tchuthi chachikulu, aphunzitsi anayi kapena asanu a sukulu zoyandikana akhoza kupempha chipinda chimodzi kwa mphunzitsi wamkulu, aliyense nabwera ndi ufa ndi nyemba zake, nakhala masiku asanu. Mmawa aliyense alembe yekha. Madzulo mmodzi awerenge mokweza, ndipo anzake amfunse mafunso atatu okha: munthu uyu afuna chiyani, ndani kapena n'chiyani chimtsekereza, ndipo chimene wachita m'mutu uno chabala chiyani m'mutu wotsatira. Wowerengayo asadziteteze, angolemba mafunso amene walephera kuyankha, pakuti pamenepo ndipo msana wathyoka. Ndipo tsiku limodzi mwa asanuwo muitane gogo wodziwa milandu, mumfotokozere nkhani yanu pakamwa, ndi kuona pamene adzapukusa mutu.

M'kalasi namonso njira ili yomweyo. Ana akamva nthano, musalekere pa kuwafunsa chimene chinachitika poyamba ndi chimene chinatsatira. Chotsanipo chochitika chimodzi ndi kuwafunsa ngati nthano ikhoza kufika ku mathero ake popanda icho. Polemba chimangirizo, ana ambiri alumikiza ziganizo zawo zonse ndi mawu oti "kenaka". Auzeni abwereze, ndipo paliponse pamene angathe aikepo "chifukwa cha ichi" kapena "koma". Pamene mawu amenewa akana kulowa, mwana adzaona yekha kuti wangondandalika. Mwana amene wazolowera kufunsa chifukwa m'nthano adzafunsanso chifukwa m'phunziro la mbiri, m'zaulimi ndi m'moyo wa mudzi wake, ndipo phindu limeneli liposa la kulemba mabuku.

Mphunzitsi uja anatenga makope ake tsiku lomwelo. Sindinamuuze kuti ataye pepala lake la phiri. Ndinati alisunge m'sutikesi kufikira atalemba mitu yonse, ndipo pamenepo aliyeze nalo khoma. Patapita miyezi inayi ananditumizira mutu woyamba watsopano. Suyambanso ndi basi. Uyamba mmawa kukhola, mkulu akutulutsa ng'ombe ziwiri kuti apite nazo ku msika, mwana wake wamng'ono ataima potero osamthandiza kutsegula mipiringidzo, ndipo mpongozi akuyang'ana ali pa mtondo. Wa ku Joni sananyamukebe, koma ndinafuna kale kudziwa chimene anthu atatu amenewa adzachitirana iye akachoka. Ngati bukulo lidzatha ndi kusindikizidwa, zili kwa mwini wake ndi kupirira kwake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndamlembera kuti atumize mutu wachiwiri.